Tifunseni: Chikumbu choda chikamva chinyezi, ndi timapepala touza munthu kuti katundu wauma

Mwezi uno mafunso angapo agwera pamodzi ngati munachita kupangana, onse ndi a chinyezi ndi zinthu zosintha mtundu, nde ndawasanja motsatana kuti yankho la uyu lithandizenso winayo.

FUNSO: Achimwene, ndinaona vidiyo ya chikumbu chachikulu chanyanga, chinali chachikasu mobiriwirako koma atachipopera madzi chinada bii, chitauma nkubwereranso mwakale. Anzanga m'kalasi akuti ndi zopanga pa kompyuta. Zoona zake nziti? (Mnyamata wa Fomu 4, Dedza)

YANKHO: Mng'ono wanga, anzakowo uwauze kuti si za kompyuta ayi, chikumbucho chilipodi. Dzina lake ndi Dynastes hercules, ambiri amangoti Hercules, chimakhala m'nkhalango zamvula za ku Central America ndi South America ndipo chachimuna chimatha kufika masentimita 17 ukawerengera ndi nyanga yomwe. Kunja kukauma chigoba chophimba mapiko ake chimaoneka ngati khaki, koma chinyezi cha mumpweya chikapitirira 80 peresenti chimada. Sikuti mpaka uchithire madzi, mpweya wonyowa wokha ndi wokwanira.

Chimene chimandikoka mtima ineyo nchakuti ngakhale chikumbucho chitafa kalekale, chouma gwa m'bokosi, chigobacho chimasinthabe. Ndekuti sichichita kufuna kapena kutulutsa mankhwala ena ake, nkhani yonse yagona pa mmene chigobacho chinamangidwira.

Mitundu yambiri imene timaona imachokera ku utoto. Chitenje chofiira nchofiira chifukwa utoto wake umameza kuwala kwina konse nkubweza kofiira kokha. Koma pali njira ina yopezera mtundu popanda utoto nkomwe, ndipo iweyo waionapo kambirimbiri, thovu la sopo pochapa, dontho la oyilo pa chithaphwi, kunsi kwa CD, khosi la nkhunda likamanyezimira padzuwa, ntchentche zobiriwira zija. Madzi a sopo alibe utoto wa utawaleza koma thovu lake limaonetsa utawaleza. Asayansi amautchula kuti structural colour, kutanthauza mtundu wobadwa ku kapangidwe ka chinthu osati ku utoto.

Zimachitika chonchi. Kuwala kumayenda ngati mafunde ndipo mtundu uliwonse uli ndi funde la msinkhu wakewake, la buluu ndi lalifupi cha m'ma nanomita 450, lobiriwira cha m'ma 530, lofiira cha m'ma 650 kupita mtsogolo. Nanomita ndi chani? Tenga milimita imodzi pa rula yako uigawe ka 1 miliyoni, kachidutswa kamodziko nde nanomita. Tsitsi limodzi la m'mutu kunenepa kwake ndi ma nanomita pakati pa 50,000 ndi 100,000, nde waona tinthu tikukamba apa kuchepa kwake. Tsopano chinthu chikakhala ndi timagawo tosanjikizana totalikirana mofanana ndi mafundewa, kuwala kobwerera pa kagawo koyamba kumakumana ndi kobwerera pa kachiwiri, kachitatu, mpaka pansi. Ngati unaonapo mafunde kunyanja, awiri akakumana msana ndi msana amapanga funde lalikulu, koma msana ukakumana ndi dzenje madzi amangoti bata. Kuwalanso ndi chimodzimodzi, mtundu umene funde lake lagwirizana ndi mpata wa timagawoto umakula nkufika m'maso mwako, inayo imazimitsana yokhayokha. Ukasintha mpata, wasintha mtundu. Ukasintha chimene chadzaza mumpatamo, wasinthanso mtundu. Mfundo ziwiri zimenezi uzigwire, mafunso ambiri a mwezi uno akuzungulira pomwepa.

Pa Hercules paja, kunsi kwa kakhungu koonekera ka pamwamba kuli gawo langati siponji, timabowo tosanjidwa mwadongosolo todzaza mpweya, ndipo kunsi kwa siponjiyo kuli gawo lakuda. Chinthu chilichonse choonekera chili ndi nambala yake yosonyeza mmene chimachedwetsera kuwala, mpweya ndi 1, madzi ndi 1.33, pomwe chitin, chimene zikumbu zimamangira zigoba, ndi cha m'ma 1.56. Kusiyana kwa manambalawa kukakula kuwala kumabwerera kwambiri pa malire. Nde m'mabowo mukakhala mpweya, 1 ndi 1.56 ndi zotalikirana, kuwala kumabwerera iwe nkuona khaki uja. Madzi akalowa, 1.33 ndi 1.56 zayandikana, kuwala kumangodutsa mpaka kukamezedwa ndi gawo lakuda lija, basi chikumbu chada. Ukagula mandasi papepala, malo amene pagwera mafuta amaonekera kuseri, eti? Kapena shati yoyera ikanyowa ndi mvula vesiti ya mkati imaoneka. Ndi fiziki yomweyo, madzi kapena mafuta alowa pamene panali mpweya.

Oyamba kulongosola mmene chikumbuchi chimasinthira mtundu anali Hinton ndi Jarman a ku Bristol mu 1972, kenaka mu 2008 gulu la Marie Rassart ndi Jean-Pol Vigneron ku yunivesite ya Namur ku Belgium linajambula siponjiyo ndi maikulosikopu yamphamvu nkuwerengetsera bwinobwino. Koma maganizowo ndi akale zedi, Robert Hooke mu 1665 anali ataona kale kuti nthenga za pikoko zikanyowa mitundu yake imasokonekera, nkuzindikira kuti si utoto umenewo.

Pali chikumbu china cha nyanga zazitali zokhudzira, Tmesisternus isabellae, chimene chimagwiritsa njira yachiwiri ija. Icho chikauma chimaoneka chagolide, chikanyowa chimafiira, ndipo ofufuza a ku yunivesite ya Fudan ku Shanghai anaonetsa mu 2009 kuti timagawo ta m'mamba ake timamwa madzi nkufufuma ngati nyemba zonyikidwa usiku, mpata nkukula, mtundu nkusunthira ku funde lalitali. Zimenezi ukakalemba pa bolodi aphunzitsi ako a fiziki akasangalala nawe.

FUNSO: Bambo, ine ndimagulitsa nsapato ndi zikwama ku Limbe. M'makatoni mumakhala timapaketi ta timikanda, nthawi zina tabuluu, koma ikafika nyengo ya chiperoni timasanduka tapinki. Kodi ndi zomwezi za chikumbuzi? Nanga nzoopsa kwa ana?

YANKHO: Amayi, zikuoneka ngati zofanana koma ndi zosiyana, ndipo kusiyanako nkofunika. Timikandato ndi silica gel, ntchito yake ndi kumwa chinyezi kuti nsapato zanu zisachite nkhungu, ndipo payokha ilibe mtundu. Buluu mukuonayo ndi mankhwala owonjezera otchedwa cobalt chloride. Akauma ndi abuluu, akagwirana ndi madzi amasanduka apinki. Apa palibe za timagawo kapena mpata, ndi kemisitili basi, madzi alowa m'mankhwalamo nkusintha mmene amamezera kuwala. Pinki akutanthauza kuti timikandato takhuta, sitikumwanso kanthu, nde m'katonimo muikemo tatsopano.

Pa za ana, tisungeni patali ndithu. Silica yoyera ija vuto lake lalikulu ndi kutsamwitsa mwana, koma cobalt chloride ku Ulaya anamuika m'gulu la mankhwala otha kuyambitsa khansa, nchifukwa chake makampani ambiri anasiya buluu nkuyamba timikanda ta olenji. Musating'ambe, musatiike pafupi ndi zakudya, ndipo ngati wina wakuuzani zotiumitsa pamoto kuti tibwerere mwakale musachitire m'poto wophikira. Mwana akameza tabuluuto pitani naye kuchipatala mutanyamula kapaketiko.

Vuto la cobalt limeneli nlimodzi mwa zifukwa zimene anthu akuvutikira kufuna chosintha mtundu chopanda mankhwala oopsa, zomwe aphunzitsi ali m'munsimu afunsa.

FUNSO: Akulu, ndine mphunzitsi wa sayansi ku sekondale ina ku Kasungu. Ndamva kuti m'malabu akupanga mapepala osintha mtundu ndi chinyezi potengera tizilombo. Amapanga ndi chiyani, ndipo afika pati?

YANKHO: Aphunzitsi, funso lanu landisangalatsa chifukwa nkhani imeneyi ine ndimaikonda. Njira zilipo zingapo koma ndikhalitsa pa imodzi imene ndikuona kuti ili ndi tsogolo.

Yotengera Hercules mwachindunji inachitika ku yunivesite ya Sogang ku South Korea mu 2010, anapanga kachikopa ka timabowo tosanjidwa ngati zisa za njuchi, chinyezi chikamakwera madzi amadzaza m'mabowomo mtundu nkuchoka ku buluu wobiriwirako kupita kofiira. Ku South Korea komweko, gulu la Junsuk Rho ku yunivesite ya POSTECH linatenga chitosan, amene amachokera ku zigoba za nkhanu ndi shirimpi, nkumuika pakati pa tizigawo tiwiri topyapyala kwambiri ta siliva ngati sangweji. Chitosan akamwa nthunzi amafufuma, mpata wa pakati pa siliva ziwirizo umakula, mtundu wodutsa umasintha. Gulu lomwelo lakhala likupanganso tizizindikiro tobisa chithunzi chimene chimaoneka ukauzira mpweya wa mkamwa, cholinga chake nkuvutitsa opanga katundu wachinyengo. Ndipo mu 2007 Radislav Potyrailo wa ku General Electric anaonetsa kuti mamba a gulugufe wabuluu wa Morpho amayankha mosiyana ku nthunzi ya madzi, ya methanol ndi ya ethanol, ndekuti phiko limodzi likhoza kusiyanitsa mipweya.

Koma imene ndimaikonda ineyo ndi ya cellulose, ulusi umene uli mu mtengo uliwonse, mu pepala, ndi mu thonje lomwe timalima ku Balaka ndi kuchigwa cha Shire, paja thonje pafupifupi 90 peresenti ndi cellulose. Akatenga phala la mitengo kapena thonje nkulithira asidi wamphamvu wa sulphuric, zigawo zofewa zimasungunuka nkutsala timitengo tolimba tangati singano, kutalika kwake ma nanomita 100 kapena 200 basi. Chodabwitsa nchakuti timitengoti ukatisiya m'madzi nkumauma pang'onopang'ono timadzisanja tokha, mzere uwu kuloza uku, wapamwamba pake kupotokako pang'ono, winawo kupotokanso, mpaka kuzungulira ngati mazinga a sikuluwu. Palibe makina osanja, timachita tokha. Revol ndi Gray ku Montreal ku Canada ndi amene anafotokoza zimenezi mu 1992. Madzi akatha pamatsala kapepala konyezimira mitundu koma mulibe dontho la utoto.

Masamu ake ndi ophweka moti mutha kuwapatsa ana m'kalasi. Funde lobwerera limapezeka pochulukitsa nambala ija yosonyeza mmene cellulose amachedwetsera kuwala, cha m'ma 1.55, ndi kutalika kwa zinga limodzi. Zinga likakhala ma nanomita 300, yankho ndi 465, buluu ameneyo. Likafufuma kufika 350, yankho ndi 542, wobiriwira. Likafika 420, ndi 651, wofiira. Taonani, kufufuma kwa ma nanomita 120 okha, kosaoneka ndi maso ngakhale ndi maikulosikopu ya kusukulu, kwatichotsa ku buluu mpaka kofiira. Ndipo cellulose amakonda madzi mwachibadwa, nde mpweya ukanyowa mazinga amatalikirana, ukauma amabwerera. Kachida koyezera chinyezi kopanda batire, kopanda waya, kopanda cobalt, kotha kuola ukakataya.

Chilengedwe chinayamba kale zimenezi kuno kwathu ku Africa. Pali kachitsamba ka m'nkhalango kotchedwa Pollia condensata, kamapezeka kuyambira ku West Africa ndi Ethiopia kutsika mpaka Angola ndi Mozambique, tizipatso take ndi tabuluu wonyezimira ngati chitsulo. Silvia Vignolini ndi anzake ku Cambridge anaonetsa mu 2012 kuti mulibe utoto wabuluu, ndi cellulose wopotoka yemweyu, ndipo chipatso chimene chinathyoledwa ku Ghana mu 1974 nkusungidwa ku Kew ku London chinali chikuwalabe ngati chathyoledwa dzulo. Utoto umasuluka padzuwa, tonse tikudziwa mmene chitenje chimathera, koma mtundu wa kapangidwe susuluka pokhapokha kapangidweko kataphwanyika. Gulu la Vignolini lomwelo mu 2021 linaonetsa kuti timapepala totere tikhoza kupangidwa tambiri pa makina ozunguza ngati osindikizira, mpaka kupanga tonyezimira todzikongoletsera topanda pulasitiki.

Nanga bwanji sitikutiona m'sitolo ngati zoyezera chinyezi? Zovuta zilipo ndipo nzenizeni. Cellulose yekha akauma amathetheka ngati chigoba cha dzira, nde amamusakaniza ndi zofewetsa monga glycerol kapena PEG, zimene zimathandizanso kumwa madzi, ofufuza a ku yunivesite ya KTH ku Stockholm anachita zimenezi ndi PEG mu 2017. Chachiwiri mtundu umasintha ukapendeketsa, ngati kachizindikiro konyezimira ka pa ndalama zamapepala kaja, nde anthu awiri oima mosiyana akhoza kukangana kuti ndi wobiriwira kapena wachikasu. Chachitatu, ulendo wopita ndi wobwerera safanana, kapepala kamene kakuchokera konyowa kamatha kuonetsa mtundu wosiyanako ndi kamene kakuchokera kouma ngakhale chinyezi chili chimodzi. Kuonjezera apo kutentha kumasokoneza, nthunzi zina monga za spiriti zimafufumitsanso, ndipo madzi enieni akagwerapo kapepala kosatetezedwa kamaonongeka. Kwa ine vuto la kupendeketsa ndi la ulendo wobwerera ndi amene akuchedwetsa kwambiri, chifukwa choyezera chimene chimapereka mayankho awiri munthu sungachidalire pa mankhwala kapena pa chakudya.

FUNSO: Nanga birimankhwe naye amasintha chifukwa cha chinyezi? (Wowerenga wa ku Chipata)

YANKHO: Ayi achimwene, koma ndi pachibale. Mu 2015 ofufuza a ku yunivesite ya Geneva anapeza kuti birimankhwe wina wa ku Madagascar ali ndi timiyala ting'onoting'ono ta guanine tosanjidwa pakhungu, akakhala phee timayandikana nkubweza buluu, amene akadutsa mu utoto wachikasu wa pakhungupo amaoneka wobiriwira, akakwiya kapena akaona wamkazi timatalikirana mtundu nkupita kuchikasu ndi kofiira. Mpata womwe uja, koma wousintha ndi thupi lake osati chinyezi. Buluu wa mbuna za m'nyanja ya Malawi nayenso amachokera ku guanine yemweyu.

FUNSO: Bambo, ine ndimalima mtedza ndi chimanga ku Mchinji. Chaka chatha matumba anga angapo anachita chuku ogula nkukana, ndinalira. Mwana wanga wandiuza za timapepala tosintha mtundu tomwe tingandiuze ngati mbewu zauma. Ndingatipeze kuti?

YANKHO: Pepani kwambiri mayi, thukuta la chaka chonse kuonongekera m'thumba nzowawa. Ndikuuzani mosabisa, ta cellulose ndi ta chitosan ndafotokoza pamwambapa tikadali m'malabu, musataye ndalama kwa munthu wokuuzani kuti akugulitsa timeneto. Koma mwana wanuyo sananame, kakhadi kogwira ntchito imeneyi kalipo, kungoti ndi ka cobalt chloride uja. Dzina lake ndi DryCard, anakapanga Michael Reid ndi James Thompson a ku yunivesite ya California ku Davis, kanatuluka mu 2017 ndipo kakhala kakupangidwa m'maiko monga Tanzania ndi Rwanda. Mumatenga mbewu pang'ono nkuika m'botolo kapena m'jumbo yotseka bwino pamodzi ndi kakhadiko, kudikira mphindi 30 mpaka 60, kenaka kufananiza mtundu ndi mzere wojambulidwa pambali. Kakapita kupinki mbewu sizinaume, kakakhala kubuluu zauma. Kamzere ka mankhwalako kanamatidwa m'pulasitiki nde musakasende kapena kukanyowetsa, ndipo kakasungidwa pouma kamagwira ntchito kambirimbiri. Afunseni alangizi a kwanuko ngati kafika, kapena ngati ali ndi mita yoyezera chinyezi cha mbewu.

Nambala yofunika apa ndi 65 peresenti. Mpweya wa m'thumba ukakhala pansi pa 65 nkhungu simera, ukapitirira imayamba, ndipo ina mwa nkhunguyo, Aspergillus flavus, ndi imene imatulutsa poizoni wa aflatoxin amene timati chuku. Si nkhani ya ogula okha ayi, poizoniyu amaononga chiwindi ndipo kuphika sikumuchotsa, ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chotere. Nde za m'matumba okanidwa aja musadye kapena kupatsa ana, ngakhale ziweto. Ubwino woyeza mpweya m'malo moyeza mbewu nkuti 65 ameneyu ndi mmodzi pa zonse, pomwe mukayeza mbewu yeniyeni chimanga chimafuna cha m'ma 13 peresenti, mtedza 7 kapena 8.

Pamene mukudikira, njira ya mchere ija isakutayeni, imagwira ntchito pa chimanga. Botolo lagalasi louma bwino, chimanga kufika gawo limodzi mwa atatu, masipuni awiri kapena atatu a mchere woti mwayamba mwauumitsa, kutseka, kukhutchumula kwa mphindi imodzi, kusiya mphindi 15, nkukhutchumulanso. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo chimanga sichinaume, chibwezeni padzuwa. Koma dziwani ichi, mchere umayamba kunyowa chinyezi chikafika cha m'ma 75 peresenti, pomwe nkhungu imayambira ku 65, nde pali kampata kamene mchere ungakuuzeni kuti zili bwino chikhalirecho mbewu zikufunabe dzuwa. Nchifukwa chake ine ndimati mchere ukavomera, onjezeranibe tsiku limodzi kapena awiri pa mphasa kapena pa tenti, osati padothi. Mtedza musauwaze madzi pofuna kuti usendeke msanga, chuku chambiri chimalowera pamenepo. Ndipo thumba lotseka mpweya ngati la PICS limasunga mbewu mmene mwaziikiramo, mukaikamo zonyowa zimaonongekera momwemo, nde kuyeza kuyambe, kumanga thumba kubwere pambuyo, kenaka matumbawo muwasanje pa mitengo osagunda pansi kapena khoma.